Sawatcha siwerengera ndalama: kufufuza bungwe la asilikali opuma musanalowe

Miyezi yoyamba msilikali atatuluka komaliza pa geti la baraki ndiyo imene foni yake imalira kwambiri. Anzake amene analowa nawo usilikali limodzi ali ndi gulu pa WhatsApp, kuboma kwawo kuli nthambi ya asilikali opuma, wina wayambitsa thumba la maliro, winanso akuti kwapezeka ntchito yaulonda kunja kwa dziko koma ndi ya mamembala okha. Onsewa akudziwa kuti gratuity, ndalama yolandira kamodzi popuma ntchito, yalowa kapena ili m'njira. Ambiri mwa iwo ndi a mtima wabwino, ndipo munthu amene wakhala zaka 20 akudzuka ndi lipenga amafunadi anzake omvetsa chinenero chake. Koma mtima wabwino wa oyambitsa bungwe sugula bokosi tsiku la maliro ngati m'thumba mulibe kanthu.

Chimene chimagwetsa asilikali opuma ambiri ndi chizolowezi. Kuyambira tsiku loyamba ku sukulu ya asilikali ya MAFCO ku Salima, munthu amaphunzitsidwa kuti wamkulu akalamula iye achite, zofunsa zibwere pambuyo. Khalidwe limeneli linapulumutsa miyoyo pa njanji ya ku Nacala ku Mozambique ndi m'nkhalango za ku Beni ku DRC, koma pa msonkhano wa bungwe limathetsa ndalama. Amene anapuma ali kopolo lilime limamulemera kufunsa wapampando amene anali meja kuti, "Bwana, sitetimenti ya ku banki tingaione?" Chonsecho K5,000 ya kopolo ndi K5,000 ya meja n'zofanana, ndipo voti ndi imodzi imodzi. Atchuleni kuti bwana, imirirani polankhula, koma funso lifunsidwe ndithu. Mmene iwo alilandirire funsolo ndi yankho lanu loyamba.

Choyamba dziwani mtundu wa bungwe limene lakuitanani, poti mawu akuti "asilikali opuma" amaphimba zinthu zosiyana kwambiri. Pali bungwe la dziko lonse, Veterans and Ex-Service League of Malawi, VELOM mwachidule, limene kale linkatchedwa CELOM. Ndi limene timaliona mu November pa nyengo ya maluwa ofiira a popi ndi pa mwambo wokumbukira ankhondo pa zipilala za ku Zomba, ku Area 18 ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Pali timagulu ta anthu amene analowa usilikali limodzi kapena anagwira ntchito baraki imodzi, kaya ku Cobbe, ku Kamuzu kapena ku Moyale, amene cholinga chawo ndi kuonana ndi kupepesana pa zovuta. Pali magulu a ndalama, osunga ndi kubwereketsa. Ndiye pali magulu odandaula, amene anabadwa chifukwa cha chipukuta misozi kapena malipiro amene akuti boma silinapereke. Lililonse mwa amenewa lili ndi muyeso wake. Choopsa ndi gulu limene limati likuchita zonsezi nthawi imodzi ndi thumba limodzi, chifukwa ndalama ya maliro imakalipira loya, ya loya imabwereketsedwa, ndipo palibe amene anganene kuti yapita kuti.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza anthu: thandizo lochokera ku Britain. Royal Commonwealth Ex-Services League, bungwe limene linayamba mu 1921, limathandiza amene anatumikira ufumu wa Britain dziko lawo lisanalandire ufulu, pamodzi ndi amayi amasiye awo. Kwathu kuno ndiye kuti ndi asilikali a Keyala, a King's African Rifles, amene anavala yunifolomu tsiku la 6 July 1964 lisanafike: amene anamenya nkhondo ku Abyssinia (Ethiopia ya lero), ku Madagascar ndi ku Burma, ndi amene anapita ku Malaya m'zaka za m'ma 1950. Munthu amene analowa usilikali mu 1985 kapena mu 2002 sali m'gulu limeneli. Wina akakuuzani kuti mukalembetsa kwa iye muzilandira mapaundi a ku London pomwe inu munalowa ntchito dziko lili kale pa ufulu, mwina sakudziwa zimene akunena, apo ayi akudziwa bwino lomwe.

Tsopano mapepala. Bungwe losunga ndalama za anthu liyenera kukhala ndi dzina lodziwika ndi lamulo, kuti lithe kutsegula akaunti yakeyake, kukhala ndi katundu ndi kusumiridwa likalakwa. Ambiri amalembetsa pansi pa Trustees Incorporation Act, ndipo dzina lawo la pa chikalata limayamba ndi mawu akuti "The Registered Trustees of". Ena amalembetsa ngati kampani yosagawana phindu pansi pa Companies Act. Pemphani kuona satifiketi, jambulani ndi foni, ndipo yerekezani zilembo za dzinalo ndi za pa lisiti ndi pa akaunti ya ku banki. Zikasiyana ngakhale ndi mawu amodzi, funsani chifukwa. Nambala ya satifiketi mukhoza kukaitsimikiza ku ofesi ya boma yolembetsa mabungwe ndi makampani. Ngati bungwe likudzitcha NGO ndipo limapempha thandizo kwa anthu akufuna kwabwino, liyenera kukhala m'kaundula wa NGORA, bungwe la boma loyang'anira ma NGO, kumene limayenera kupereka malipoti chaka ndi chaka. Kagulu ka anthu 15 osonkherana pa maliro sikafunika zonsezi, koma pamenepo dziwani kuti chitetezo chanu ndi ulemu wa msungichuma basi, ndipo musaikemo ndalama yoti itasowa mungagone ndi njala.

Satifiketi yokha imangonena kuti bungwe lilipo. Zoti likuyenda bwanji zili m'malamulo ake oyendetsera bungwe, ndipo muyenera kupatsidwa kope lanu musanalipire, osati kungowerengeredwa ndime ziwiri. Bungwe lokana kupereka malamulo kwa munthu wofuna kulowa lakupulumutsirani nthawi. Mukalandira, musataye nthawi pa zolinga za patsamba loyamba, poti zonse zimalembedwa mokoma. Pitani pa ndime ya zisankho: atsogoleri amakhala zaka zingati, angaimenso kangati, ndipo chisankho chomaliza chinachitika liti? Komiti imene ikutchedwabe "yongogwirizira" patatha zaka 6 si yongogwirizira. Onani chiwerengero cha anthu ofunika kuti msonkhano waukulu upange chiganizo, ndi chiwerengero cha mamembala wamba amene angaitanitse msonkhano wadzidzidzi komiti isakufuna. Ndime imeneyi ikasowa, ndiye kuti mamembala alibe njira yochotsera atsogoleri. Onaninso amene ali ndi mphamvu yochotsa membala, ngati pali kokachita apilo, ndi chimene chimachitika ndi ndalama za wochotsedwayo kapena wotuluka mwa kufuna kwake.

Ndime ya amene angakhale membala nayo imaulula zambiri. Bungwe lenileni lidzakufunsani nambala yanu ya usilikali ndi chikalata chotulukira ntchito lisanafunse ndalama. Likakhala kuti silinakufunseni inu, silinafunsenso enawo, ndipo pakati pa "asilikali opuma" 300 amenewo pangakhale ambiri amene mfuti anangoiona pa perete. Kulandira akazi kapena amuna a asilikali, apolisi opuma kapena anthu wamba ofuna kuthandiza si cholakwa, bola malamulo anene poyera kuti ndani amavota ndipo ndani amalandira thandizo.

Pa ndalama ndi pamene muyenera kukhalitsa. Akaunti ikhale m'dzina la bungwe, yosainira anthu atatu, ndipo ndalama isatuluke popanda awiri mwa iwo. Funsani mayina awo, kenako fufuzani mwakachetechete ubale wawo. Wapampando, mlamu wake ndi dalaivala wake wakale ndi siginecha imodzi yolembedwa katatu. Kulipira pa Airtel Money kapena pa Mpamba n'kwabwino kwa amene ali kutali, koma dzina lotuluka pa foni musanatsimikize likhale la bungwe. Likatuluka dzina la munthu, ndalama yanu isakanikirana ndi ya ndiwo ya pakhomo pake, ndipo ngakhale munthu wokhulupirika sangathe kusiyanitsa pakatha miyezi 6. Munthuyo akamwalira, ndalamayo imalowa m'chuma cha masiye cha banja lake. Lisiti ikhale ya m'buku la manambala otsatana lokhala ndi kope lotsala, osati kapepala kong'amba m'kope la mwana wa sukulu.

Kuyesa mabuku sikufuna digiri. Pemphani sitetimenti ya ku banki ya miyezi itatu iliyonse ya chaka chatha pamodzi ndi buku la malisiti la miyezi yomweyo. Phatikizani malisiti a mwezi umodzi, onani ngati ndalama imeneyo inalowadi ku banki. Ikaperewera, yankho lofala ndi lakuti ina inagwiritsidwa ntchito isanafike ku banki, pa thiransipoti kapena pa maliro adzidzidzi. Apa ndi pamene mabungwe ambiri amadonthera, nthawi zambiri popanda kuba kwenikweni, koma chifukwa ndalama yosadutsa ku banki siisiya mapazi. Kenako onani lipoti la chaka ndipo gawani zotuluka pawiri: zimene zinafika kwa mamembala, monga chipepeso, mankhwala ndi fizi ya ana amasiye, ndi zimene zinathera poyendetsa bungwe, monga mafuta, ma alawansi ndi misonkhano. Ngati mbali yachiwiri ikuposa yoyamba, ndiye kuti mamembala akusonkhera maulendo a komiti. Msonkhano wa komiti wochitikira kunyanja, wa bungwe limene mamembala ake ambiri ali ku Zomba, uli ndi tanthauzo lake. Funsaninso amene anawerengera mabuku chaka chatha. Bungwe laling'ono likhoza kusankha mamembala awiri osakhala m'komiti, lalikulu lifunika akatswiri oima paokha, koma msungichuma sangadziwerengere yekha.

Thumba la maliro ndi limene limakopa anthu ambiri, ndipo ndi limene mungaliyese ndi pensulo. Tiyerekeze bungwe la mamembala 200, aliyense akupereka K5,000 pa mwezi. Onse atalipira, pa chaka pamalowa K12,000,000. Koma onse salipira. Tinene kuti okhulupirika ndi 120, ndiye kuti ndi K7,200,000. Bungwelo likulonjeza K1,000,000 pa maliro alionse a membala, mkazi wake, ana ndi makolo, tinene anthu 6 pa banja. Pa mabanja 120 ndi anthu 720. Atamwalira munthu mmodzi yekha pa anthu 100 alionse pa chaka, ndi maliro 7, K7,000,000, ndipo m'thumba mwangotsala K200,000 komiti isanagule ngakhale buku la malisiti. Kumbukirani kuti mamembala ndi anthu opuma ntchito ndipo makolo awo ndi okalamba, choncho maliro sachepa chaka ndi chaka, amachuluka. Thumba lotere limaoneka lamphamvu zaka ziwiri zoyambirira chifukwa olowa atsopano ndi ambiri, kenako limayamba kulipira theka, kenako "tikupatsani ndalama zikapezeka". Ikani manambala enieni a bungwe lanulo m'malo mwa awa ndipo muone ngati masamu akutuluka.

Funsani zinthu zinayi zimene anthu amazizindikira maliro ali m'nyumba: membala watsopano amadikira miyezi ingati asanayambe kuthandizidwa, kulephera kulipira miyezi ingati kumamuchotsa pa mndandanda, ndalama imatuluka patatha maola angati uthenga utafika, ndipo mkazi wamasiye amapitiriza umembala kapena zonse zimathera pa manda. Funsaninso kuti chipepeso chinasinthidwa liti komaliza. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, choncho ndalama imene inalembedwa m'malamulo zaka zimenezi zisanafike lero singagule bokosi lomwe lija. Ngati bungwe likuti thumba lake lili ndi kampani ya inshuwalansi kumbuyo, pemphani dzina la kampaniyo ndi nambala ya mgwirizano wa inshuwalansiyo, muimbe nokha kukafunsa ngati malipiro ali bwino. Zimachitika kuti mamembala akulipira ku bungwe koma bungwe linasiya kutumiza ku kampani.

Za kusunga ndi kubwereketsa n'zachidule. Gulu lolandira ndalama za anthu ambiri n'kumabwereketsa ngati SACCO liyenera kukhala ndi chilolezo cha Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi. Lonjezo la phindu la 30 peresenti pa mwezi liyeseni chonchi: K1,000,000 yokula motero miyezi 12 imapitirira K23,000,000. Palibe chigayo, minibasi kapena munda wa fodya wobereka choncho. Oyamba kulowa amalipidwa ndi ndalama za obwera pambuyo, ndipo umboni wawo ndi woona, analandiradi. Ndi chifukwa chake amakopa anzawo ndi mtima wonse.

Penshoni ndi gratuity ndi zanu chifukwa cha zaka zimene munatumikira, osati chifukwa cha khadi la bungwe lililonse. Bungwe labwino limathandiza pa zimenezi m'njira zooneka: limadziwa ofesi yoyenera, limathandiza kulemba kalata, limaperekeza mayi wamasiye amene sanapondepo ku Capital Hill, limasonkhanitsa madandaulo ofanana kuti apite limodzi. Limene likufuna gawo la ndalama yanu kuti "fayilo iyende" likukugulitsani chinthu chanu chomwe. Magulu omenyera chipukuta misozi afunseni nambala ya mlandu, bwalo limene uli, dzina la loya ndi tsiku limene unamvedwa komaliza, poti zonsezi zimatheka kutsimikiza ku kaundula wa khoti. Kusonkha kwa mwezi ndi mwezi kwa "thiransipoti ya nthumwi" kopanda nambala ya mlandu kukhoza kupitirira mpaka osonkhawo atatha. Dandaulo la kuchedwa kwa malipiro ku ofesi ya boma mukhoza kukalitula nokha kwa Ombudsman popanda kulipira, ndipo wosowa ndalama ya loya ali ndi Legal Aid Bureau.

Chikalata chenicheni chotulukira usilikali, chiphaso cha unzika, khadi la ku banki ndi nambala yake yachinsinsi zisachoke m'manja mwanu. Perekani fotokope, ndipo lembani modutsa pakati pake kuti ndi ya umembala wa bungwe lakuti, ndi tsiku. Fotokope yoyera ya chiphaso ikhoza kukatengera ngongole kwa akatapila m'dzina lanu. Fomu yopanda kanthu musasaine, ngakhale atati adzalemba okha ku ofesi. Zomwezonso ndi ntchito za kunja: pasipoti yanu isasungidwe ndi komiti, ndipo kalata ya mgwirizano wa ntchito muione ndi maso musanalipire kalikonse.

Ndale zimafuna diso lake. Msilikali wopuma ali ndi ufulu wolowa chipani chimene akufuna, koma bungwe la asilikali opuma likasanduka nthambi ya chipani, limakhuta chipanicho chikamalamula ndipo limaiwalika boma likasintha. Onani amene amagula nsalu ndi ma T-shirt, amene amaitanidwa ngati mlendo wolemekezeka, ndi ngati bungwe limadzuka chaka cha chisankho chokha. Gulu limene limapereka mamembala ake kuti akakhale "achitetezo" pa misonkhano ya ndale likugwiritsa ntchito maphunziro anu pa zinthu zimene zikavuta mudzayankha nokha ku polisi.

Zonsezi ndi za pa pepala. Zotsalazo zimaoneka ndi maso, choncho pemphani kukhala nawo pa misonkhano iwiri ngati mlendo. Fikani msanga, khalani kumbuyo, werengani mitu. Bungwe lonena kuti lili ndi mamembala 500 koma pa msonkhano pali 18 lili ndi mayina, osati mamembala. Mvetserani ngati mlembi akuwerenga zokambirana za msonkhano wapita, ngati msungichuma akutchula manambala kapena akungoti "chuma chili bwino", ndi chimene chimachitika munthu wa udindo wotsika akatsutsa. Onani ngati amayi amene anali asilikali akulankhula kapena angopatsidwa ntchito yogawa zakumwa. Malo a msonkhano nawonso amanena kanthu: gulu lokumana pa malo omwera mowa nthawi zonse si malo abwino kwa mnzathu amene anabwera kuchokera ku DRC tulo tikumuvuta ndipo akulimbana ndi botolo. Funsani ngati komiti ikudziwa kotumiza munthu wotere, monga ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba kapena ku St John of God ku Mzuzu, ndi ngati inaperekezapo wina.

Umboni woposa wonse uli ndi amayi amasiye. Funsani komiti maliro atatu omaliza amene inathandiza, ndipo mupeze njira yaulemu yochezera ndi limodzi mwa mabanjawo komiti palibe. Mafunso ake ndi ochepa: "Mayi, a bungwe anabwera tsiku liti? Anapereka zimene analonjeza? Chichokereni kumanda anabweranso?" Pezaninso munthu mmodzi amene anatuluka m'bungwemo. Mawu ake akhoza kukhala ndi mkwiyo, koma mkwiyo wake ukagwirizana ndi mpata umene munauona m'malamulo kapena m'sitetimenti, ndiye kuti mwapeza pamene denga likudontha. Safunsa anadya phula.

Amalawi amene anatumikira m'gulu la nkhondo la Britain ndipo akukhala komweko ali ndi mwayi wofufuza ali pa mpando. Kaundula wa mabungwe achifundo wa Charity Commission ya ku England ndi Wales ali pa intaneti mwaulere, ndipo amaonetsa matrasti, ndalama zolowa ndi zotuluka, ndi ngati malipoti anachedwa. Ku Scotland ntchito imeneyi ili ndi OSCR. Thandizo la mabungwe aakulu othandiza asilikali monga Royal British Legion ndi SSAFA silidalira umembala, choncho wokuuzani kuti mulipire kaye kuti akuthandizeni kulipeza akukunamizani. Pa nkhani ya mapepala okhalira m'dzikomo, malangizo amayenera kuchokera kwa loya kapena mlangizi wovomerezeka ndi Immigration Advice Authority, imene kale inali OISC. Kuyambira mu April 2022, msilikali wochokera kunja amene watumikira zaka 6 kapena kupitirira salipira ndalama yofunsira chilolezo chokhazikika pa iye mwini, ndipo bungwe lodziwa ntchito yake liyenera kukuuzani zimenezi lisanafunsidwe. Timagulu ta Amalawi tosonkherana zotumiza maliro kumudzi tiyesedwe ndi masamu omwe aja, poti kunyamula thupi pa ndege kumadya mapaundi zikwi zingapo.

Mukakhutira, lowani pang'onopang'ono. Lipirani mwezi ndi mwezi kwa chaka choyamba, musagule umembala wa moyo wonse, ndipo musasaine zoti banki izidula yokha ku penshoni yanu mpaka mutakhala nawo pa msonkhano waukulu umodzi ndi kumva lipoti la ndalama likuwerengedwa. Udindo wa m'komiti, makamaka wa trasti kapena wosainira ku banki, musaulandire musanaone mabuku a amene akukusiyirani, chifukwa dzina lanu likangolowa, mafunso a ngongole zakale adzabwera kwa inu. Gulani fayilo imodzi ya pulasitiki, muikemo kope la malamulo, malisiti onse motsatana, fomu yosonyeza amene munawalemba kuti adzalandire thandizo, ndi manambala a foni a anthu awiri a m'komiti. Fomuyo muziikonza pakabadwa mwana, pakachitika ukwati kapena maliro. Ndipo akunyumba adziwe pamene fayiloyo ikukhala, poti tsiku limene idzafunike kwambiri adzaitsegula ndi iwo.